Lole Yokokera Bwato

Amuna anga atabwerera kuchokera ku Halale anafika ndi jekete lalitali, nsapato zolira, ndi mawu amene anandiuza tisanamasule n'komwe katundu: akangokhala ndi bwato lawolawo, sadzapitanso. Ndinawakhulupirira. Ndinali nditatha zaka ndikugona ndi kamwana pamphasa ya anthu awiri akuluakulu, akazi anzanga akunditchula mkazi wa mtchona ndikangotembenuka, ndiye mawu amenewo ndinawalandira ndi manja awiri. Inali nthawi ya Chitaganya, dziko lino likutchedwabe Nyasalande. Mudzi wathu uli chakuno kwa pamene Bua amathira m'nyanja, ndipo masiku amenewo mwamuna aliyense wokhala ndi miyendo iwiri mtima wake unali kumigodi ndi kuminda ya azungu.

Kwawo kwa amuna angawo kunali cha ku Dwangwa. Kwathu anali mkamwini, ndipo mkamwini wa kunyanja amavutika kuposa wa kumtunda. Wa kumtunda amapatsidwa munda, chimanga chikacha n'kuloza kuti ichi ndalima ndine. Kwathu mabwato onse anali a amalume, khoka linali la amalume, ngakhale mchenga wa padoko unkaoneka ngati wa amalume. Amuna anga ankapalasa, ankakoka khoka mpaka zikhatho kusupuka, kenako n'kuima pamzere kudikira kuti awaponyere nsomba za ndiwo. Sankadandaula mokweza. Ankangofika kunyumba n'kuika nsombazo pansi osandiyang'ana. Amayi anga ankati, "Usadalire, mwanawe. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Ine pakamwa ndinali napo kuyambira kale, ndipo ndinkawayankha kuti mlamba umaterereka anthu akamaugwira moipa. Tikatero tinkatha masiku osapatsana moni.

Bwato silinkagulidwa pasitolo. Munthu ankapeza mtengo, mmisiri n'kulisema komweko kuthengo, kenako mudzi wonse unkapita ndi zingwe kukalikoka mpaka kunyanja, akuimba, akazi atafulula mowa ndi thobwa. Kukokako sikunali kuthandiza chabe. Aliyense amene dzanja lake lagwira chingwe ankakhala ndi gawo pa bwatolo. Likabwera ndi nsomba sankamumana ndiwo, likafuna opalasa sankakana, ndipo mwera ukalikankhira kutali iyeyo ndiye ankayamba kuthamanga kukalisaka. Za bwato losakokedwa ndi anthu ndinali ndisanamvepo, chifukwa kunalibe.

Koma pofika nthawi yathu mitengo ikuluikulu ya pafupi inali itatha, ndipo yotsalayo inali m'nkhalango ya boma, mmene munthu akangolowa ndi nkhwangwa ankakagona kundende. Amuna anga anapeza mbawa yawo kutali, kumapiri a cha ku Ntchisi, ndipo mmisiri wa kumeneko anaisema mpaka linatuluka bwato lalikulu la khoka, losanyamulika ndi banja limodzi. Kulikoka ndi manja kuchokera kumeneko kukanadya chilimwe chonse, ndipo panalibe amene akanasiya mpunga wake kuti akakokere mkamwini. Ndiye amuna anga anati agula lole yakale. Ku Halale anali ataphunzira kuyendetsa thirakitala pamunda wa fodya, ndipo ankati lole ndi thirakitala n'chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi denga basi.

Amalume atamva sanatiitane, ndipo ndinadziwa kuti zaipa. Ndinapita ndekha, ndinawapeza akusoka khoka, ndinagwada chapatali.

"Bwato lobwera pagalimoto ndi la yani?" anandifunsa osadzutsa mutu. "Si la galimotoyo?"

"Ndi la adzukulu anu, amalume."

"Adzukulu anga mabwato ali nawo kale."

Ndinali nditaganizira kale choyankha. Kuchokera kumsewu waukulu kupita kudoko kwathu kunali mtsetse wautali ndithu, ndipo pakati pake panali mkuyu. Ndinati lole idzaima pamkuyupo, bwato lidzatsitsidwa, ndipo kuchokera apo anthu adzalikoka ndi zingwe monga mwa masiku onse. Mowa ndifulula ndine, thobwa la Asilamu ndi akutchalitchi osamwa ndiphikanso ndine. Amalume anasoka maso angapo a khoka asanayankhe.

"Ukawauze amuna akowo akaime pamkuyu," anatero. "Akaima pamkuyu, likhala bwato la pamudzi pano."

Amuna anga anang'ung'udza pang'ono, akuti munthu angasenze katundu ulendo wonse kuti ena adzamuthandize kutula pakhomo n'kutchuka ndi iwo. Kenako anaseka n'kuvomera. Anali munthu wosachedwa kuseka masiku amenewo.

Kokagula loleyo tinapita atatu: amuna anga, ine, ndi mlongo wanga wamkulu, msodzi amene anali asanakwerepo galimoto, koma amene pabanja pathu sipankagulidwa kanthu iye osakagogoda. Mmwenye wina wa sitolo kuboma anali ndi magalimoto akale atatu kuseri kwa nyumba yake yosungiramo mpunga. Tinanyamula chingwe chimene mmisiri anatidulira molingana ndi kutalika kwa bwato, ndipo mlongo wanga anachikulunga paphewa ulendo wonse ngati wina achiba.

Yoyamba inali kabokosibode kobiriwira, kamene kale kanali ka mzungu wa zamalimidwe. Ine ndinakakonda. Kanali ndi mipando yachikopa, ndipo mumtima ndinkati galimoto yaing'ono chonchi singapite ndi munthu kutali. Koma atayala chingwe pambali pake, chingwecho chinakapitirira mpaka kukafika pakhola la nkhuku. Mlongo wanga anapukusa mutu nati, "Alamu, aka n'kokwera popita kutchalitchi."

Yachiwiri inali lole ya mpunga, matabwa ake atafumbwa. Mlongo wanga anagwada, anasuzumira kunsi kwake, anakhudza dothi lakuda ndi chala n'kununkhiza. Anati, "Ikudontha. Chodontha sitikwera." Mmwenye anayesa kufotokoza kuti malole onse padziko lapansi amadontha mafuta, koma akanangouza mtengo wa mango umene tinaima pansi pake. Munthu amene wakula akukapa madzi m'bwato simungamuuze kuti kudontha kwina n'kwabwino.

Yachitatu inali lole ya asilikali yotsala pankhondo, yaitali miyendo, yaifupi mphuno, chitseko cha mbali imodzi chitachoka. Mlongo wanga anaizungulira yonse akuigogoda ndi nkhonya, khutu lili pachitsulo, monga amachitira posankha mtengo. Atamaliza anati ilibe mphako. Amuna anga anavula jekete n'kundipatsa, anagwira chitsulo chopukusira kutsogolo, ndipo itabangula nkhuku zonse za Mmwenye zinathawira kumsewu. Ndinawaona amuna anga nkhope ikuwala, ndipo ndinadziwa kuti kabokosibode kanga katha.

Chinatsala chinali kuiyesa mphamvu. Tinaidzaza matumba a mpunga, tinamangirira chipika kumbuyo, ndipo amuna onse amene ankasewera bawo pakhonde la sitolo anakwera pamwamba pa matumbawo. Pali chitunda chochokera kunyanja kukwera kumaofesi a boma. Loleyo inachikwera ikubuula, koma inachikwera. Pamwamba amuna anga atangochotsa phazi inaima yokha, wantchito wa Mmwenye n'kuika mwala kuseri kwa tayala. Mlongo wanga anagwedeza mutu mokhutira nati, "Nangula wake ndi ameneyo." Matumbawo anatsitsidwa komweko, chifukwa Mmwenye ankafuna kale kuti mpungawo ufike kumtunda, ndipo tinamunyamulira ulere ife tikuganiza kuti tikumuchenjerera. Potsika lole inali yopanda kanthu, ndipo inamvera.

Tinaifunsa loleyo mafunso onse amene munthu wa kunyanja amadziwa kufunsa: kaya ikudontha, kaya ili ndi mphako, kaya imanyamula zochuluka bwanji, kaya imalimbana ndi chitunda. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti imaima bwanji italemedwa. Bwato ukasiya kupalasa limaima lokha, likakana mchenga umaliimitsa. Thirakitala ya amuna anga inkayenda pamunda wosalala. Mmwenye sanatinamize. Sitinamufunse.

Wosula zitsulo wa kuboma anatichotsera matayala awiri pa lole yodontha ija, anawalumikiza ndi mtengo wolimba kuti kumbuyo kwa bwato kudzakhalepo. Ine ndinaviika chimera, ndinasiya mowa m'manja mwa amayi anga pamodzi ndi mwana, ndipo mlongo wanga anatsala kuti akonze zingwe ndi anthu. Kumapiri tinapita awiri.

Ulendo umenewo ndi umene ndimaulakalaka mpaka lero, ndipo ndikunena mosabisa. Chikwatiranireni tinali tisanakhalepo awiriwiri popanda m'bale wanga kumvetsera kuseri kwa mpanda. M'lole muja munalibe amayi anga, munalibe amalume. Munali phokoso, fumbi lolowera pachitseko chochoka chija, ndi munthu wanga. Tinkachita kukuwa kuti timvane, ndipo mwina chifukwa cha kukuwako anandiuza zinthu zimene pamphasa sanandiuzepo: kuti ku Halale ankachapa okha malaya Lamulungu akulira, kuti anadwala chifuwa miyezi ya chisanu osatumiza mawu poopa kundidetsa nkhawa, kuti kapitawo wina anawamenya mbama pamaso pa anthu iwo n'kunena zikomo. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi akusokoneza mawu dala kuti ndiwakalipire. Pamtsinje uliwonse tinkaima kuti lole imwe, ine n'kutsika ndi ndowa, ndipo akazi otunga madzi ankandiyang'ana ngati dona. Pamalo ena osalala anandigwiritsa chiwongolero, dzanja lawo lili pamwamba pa langa, ndipo ndinatsala pang'ono kulowetsa lole m'munda wa chinangwa wa eni ake. Tinadya nthochi ndi mtedza. Titayamba kukwera mapiri kunazizira kuzizira kumene ife a kunyanja sitikudziwa, ndipo anandiveka jekete lalitali lija, manja ake akulendewera kupitirira zala zanga.

Bwatolo tinalipeza m'nkhalango, litagona pakati pa zipalapala zake, lofiira m'kati, likununkhira mbawa yaiwisi. Amuna anga analizungulira akulisisita. Kenako analowamo, anandiitana kuti ndikhale kutsogolo, anatola ndodo n'kuyamba kupalasa mphepo. Anandifunsa kuti ndikufuna andiperekeze kuti. Ndinati ku Ngala, kwa azakhali. Anapalasa ndithu mpaka thukuta, akundichenjeza za mafunde, mmisiri ndi anthu ake akufa ndi phwete. Munthu wamkulu ndi ndevu zake. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinaganiza kuti basi, uyu ndiye wakhala.

Anthu a kumeneko anatithandiza kulikweza, mphuno yake pa lole, kumbuyo kwake pamatayala awiri aja. Mmisiri anatilangiza kuti timangirire chipika kumbuyo kuti chizikhwekhwereka potsika mapiri, ndipo chinatithandiza. Komabe kutsikako kunali kwina. Bwato linkakankha lole kumbuyo, injini inkalira ngati ikuphedwa, ndipo m'kati munayamba kununkha chinthu chopserera. Amuna anga anasiya kuimba. Titafika kuchigwa anapuma, anamasula chipika chija chifukwa chinkalima msewu wa boma ndipo akapitawo a msewu akanatigwira, n'kunena kuti zovuta zatha. Kuchokera apo njira inali yosalala. Tikafuna kuima ankangochotsa phazi lole n'kuima yokha, choncho sitinadziwe kuti mabuleki anali atafera kumapiri kuja.

Tinali titatumiza mawu ndi munthu wa njinga, ndiye pofika kwathu masana anthu anali atasonkhana kale. Titakhota kuchoka pamsewu waukulu ndinawaona onse pamkuyu: amuna atayala zingwe zazitali mbali zonse ziwiri, mitengo yogudubuzirapo itasanjidwa, akazi atakhala pafupi ndi mitsuko, ndipo pakati penipeni pa njira amalume ataimirira, atavala nsalu yawo yoyera ya masiku akulu, dzanja litakwezedwa kutilandira. Mtima wanga unadzaza. Ndinayamba kukonza duku.

Kenako ndinamva phazi la amuna anga likumenya pansi. Ndinayang'ana. Ankaponda chitsulo cha mabuleki, chinkalowa mpaka pansi popanda chogwira, ankachisiya n'kupondanso. Bwato linali litayamba kutikankha. Anayesa kusintha giya, inangokukuta mano n'kukana. Anandiuza motsitsa kuti, "Gwiritsa." Kenako anagwira hutala n'kuiliza osalekeza, dzanja lina lili kunja akukupiza kuti anthu achoke m'njira.

Anthu anabalalika. Zingwe zinapondedwa, mtsuko umodzi unasweka. Amalume anachedwa kukhulupirira, ndipo pamene anadumpha anagwera pazitsamba zaminga, nsalu ija inakodwa n'kutsala m'mwamba, iwo ali pansi pamaso pa akazi onse a pamudzi, apongozi ndi adzukulu omwe. Ife tinadutsa ndi fumbi lathu. Lole inatsika mtsetse wonsewo, inadutsa pakati pa thandala zoyanikira usipa, inalowa mumchenga wofewa wa pamwamba pa doko n'kutitimira mpaka pamimba. Apo m'pamene inaima, madzi akadali patali ndithu.

Injini inazima. Amuna anga anachotsa manja pachiwongolero. Ine ndinayamba kutsika kuti ndithamange kukafotokoza, koma anandigwira pamkono.

"Usakanene za mabuleki."

"Bambo a mwana, anthu aja akuganiza kuti mwachita dala."

"Aganize. Bola azindida kusiyana n'kuti azindiseka. Zaka zonse zija ku Halale, ndikagule chinthu chosaima? Adzandiimba nyimbo mpaka kumanda."

Ndinawauza kuti kusekedwa sikupha munthu. Anandiyankha kuti ndikunena choncho chifukwa ndili kwathu.

Tsiku limenelo palibe amene anatsikira kudoko. Mowa wanga unamwedwa pamkuyu pomwepo, popanda nyimbo, ndipo mitsuko anaibweza yosatsuka. Bwato tinalitsitsa tokha awiri, pomasula zingwe n'kulitsetsereza ndi mitengo mpaka linagwera pamchenga chammbali. Kuti tilisunthe kupitirira apo zinali zosatheka. M'mawa mwake amuna anga anapempha anthu angapo kuti awathandize kulikankhira m'madzi, ndipo aliyense anali ndi chochita. Wina anawayankha mwaulemu wonse kuti, "Akamwini, si muli ndi lole? Ilikankhe, ilipalasenso."

Ine sindine munthu wosunga mawu m'mimba. Pasanathe sabata ndinamuuza mlongo wanga zonse. Anandimvetsera, kenako anandifunsa kuti ngati zinali choncho hutala ija inali ya chiyani, nanga dzanja lija lothamangitsa anthu ngati nkhuku. Ndinati ankapulumutsa moyo wa amalume. Anati loleyo anaigogoda yekha ndipo inalibe chilema. Apo ndinazindikira kuti nayenso nkhaniyi ikumukhudza, ndipo sangaivomere msanga. Komabe anakawauza amalume, ndipo yankho linabwera lalifupi: ngati ndi zoona, mwini wakeyo abwere adzanene ndi pakamwa pake pabwalo, anthu onse amene anaona nsalu ija akumva. Ndinapita nalo yankholo kunyumba ndikuganiza kuti ndapambana. Amuna anga anandiyang'ana, nati, "Ndinakupempha chinthu chimodzi." Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndinayenda pakati pa nyumba ziwirizo mpaka mapazi kuchita zikang'a. Ndinapita kwa abusa, iwo anayesa mbali zonse, koma anapeza amuna awiri ouma mitu mofanana, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe. Ndinakwiyira onse. Amalume ndinawauza kuti nsalu inagwa kamodzi koma iwo akuigwetsa tsiku lililonse poikumbutsa anthu, ndipo anandithamangitsa pakhomo pawo. Amuna anga ndinawauza kuti walira mvula walira matope, anafuna bwato la pamudzi ndiye alandire ndi kuseka kwa pamudzi komwe. Anangotuluka.

Chilimwe chinakula. Amuna anga anamanga kachisakasa ka udzu pamwamba pa bwato kuti dzuwa lisaling'ambe, ndipo m'mawa uliwonse ankatunga madzi m'nyanja ndi ndowa n'kumalithira, kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo. Mabwato a amalume ankatuluka ndi kubwera pafupi pomwepo. Iwo sanabwererenso kukakoka khoka la amalume, ndipo ndiwo tinkachita kugula kwa anthu a mudzi wina. Masana ankakhala pansi pa lole, atafukula mchenga, akumasula zitsulo. Anapita kuboma wapansi kukafunsa kwa okonza magalimoto, anabwera ndi tizitsulo ndi kabotolo ka mafuta ake, ndipo tsiku lina anandiitana kuti ndikhale pampando ndiziponda iwo ali kunsi. Chitsulo chija chinalimba pansi pa phazi langa. Ndinasangalala, mopusa, ngati kuti kukonza mabuleki kubweza tsiku lija.

Munthu wina wogula nsomba zouma ndiye anabwera ndi nkhani yakuti akufuna lole yopita ndi katundu ku Lilongwe. Amuna anga anandiuza madzulo tikudya, maso ali m'mbale. Anati ulendo umodzi wokha, apezeko ndalama ya petulo ndi yolipira anthu a kutali oti adzapalase bwato. Ndinawafunsa ngati adzabwere. Anati, "Bwato langa lili pano, ndingapite kuti?" Sanati mkazi wanga ali pano. Ndinazimva, koma ndinawakonzera kamba wa panjira.

Vuto linali lakuti lole inali idakali mumchenga, ndipo matayala ake ankangozungulira pamalo amodzi akudzikumbira manda. Amuna anga anayala mabango ndi matabwa kuyambira m'mawa, osapempha munthu. Dzuwa litakwera ndinaona amuna a pamudzi akutsika kudoko mmodzimmodzi, osaitanidwa, atanyamula zingwe zomwe zija. Mlongo wanga ndiye anazimangirira kutsogolo kwa lole. Amalume anabwera pambuyo n'kuima chapatali ndi ndodo yawo. Palibe amene ananyoza, palibe amene anaseka. Wina anayambitsa nyimbo yokokera bwato, ena onse anavomera, ndipo anakoka ndi mtima wonse, misana ikunyezimira, mpaka lole inatuluka mumchenga. Sanalekere pomwepo. Anaikoka mpaka pouma, anamasula zingwe zawo bwinobwino, n'kuima mbali zonse ziwiri za njira. Chikhalireni pamudzi pathu, amuna anga anali asanathandizidwepo ndi anthu ambiri chonchi.

Ine ndinali nditakwera kale mtsetse ndi mwana kumsana, ndikudikira chakumtunda. Lole inabwera pang'onopang'ono, ikubuula monga inkachitira pachitunda. Amuna anga anandiyang'ana pachitseko chochoka chija, anayang'ana mwana, anakweza dzanja. Ndinaganiza kuti aima, ndinasendera kufupi. Anapitirira, anakhotera kumsewu waukulu, ndipo phokoso lake ndinalimva kwa nthawi yaitali chifukwa loleyo inkamveka kutali.

Mawu oyamba anabwera kuchokera ku Lilongwe, kuti apeza katundu wina wopita kumalire. Kenako munthu wina wa ku Dwangwa anati anawaona ku Halale, akunyamula njerwa ndi lole yomweyo. Chaka china ananditumizira bulangete ndi nsalu kudzera kwa obwerera kumudzi. Kenako kunangoti zii. Amayi anga sananene kuti ndinakuuza, ndipo ndimawathokoza chifukwa cha chimenecho. Kwa zaka zambiri lole iliyonse ikamalira pamsewu waukulu ndinkasiya chimene ndikuchita. Ndinkadziwa kusiyanitsa kulira kwa malole onse a mpunga a m'dera lathu, ndipo ndinkadziwa kuti si imeneyo, koma ndinkatulukabe panja.

Bwato lija silinachedwe pamchenga. Amuna anga atangochoka, ine ndinapitiriza kulithira madzi m'mawa, ndipo patangopita masiku ochepa amalume anandipeza ndili ndi ndowa m'manja. Analigogoda ndi ndodo yawo, anasuzumira m'kati, nati mtengo wabwino chonchi sungaonongeke pamchenga, ndi bwato la mdzukulu wawo. Tsiku lomwelo anthu anabwera, anagwetsa kachisakasa, analikankha pamitengo mpaka m'madzi. Sizinatenge nthawi n'komwe. Linakhala pamadzi mowongoka, osapendekera mbali, osalowa ngakhale dontho. Mlongo wanga ndiye ankalipalasa, ndipo linatidyetsa ine ndi mwana zaka zambiri, mpaka mwanayo anakula n'kuyamba kulipalasa yekha. Asodzi a ku Bua konse ankalidziwa, ndipo ankati m'dera lathu simunakhalepo bwato lomvera nkhafi ngati limenelo. Amuna anga sanalionepo lili pamadzi.